Likodzo: Nyongolotsi, Nkhono ndi Nsomba za ku Chembe

Mwana wa zaka khumi wa ku Chembe, m'boma la Mangochi, akayamba kuona timadontho ta magazi kumapeto kwa mkodzo, aliyense pamudzipo amadziwa dzina la vutolo. Ndi likodzo. Chimene ambiri sachidziwa ndi kutalika kwa ulendo umene matendawa ayenda asanafike m'chikhodzodzo cha mwanayo. Achokera m'thupi la munthu wina, adutsa m'madzi a m'nyanja, agona milungu ingapo m'thupi la nkhono yobisala mumchenga, ndipo panjirapo panali nsomba imene ikadaudula ulendowo ikadakhala yochuluka monga kale. Nkhani ino ikulondola ulendo umenewo, chifukwa likodzo limaonetsa poyera kuti thanzi la munthu silithera pakhungu lake.

Matendawa ndi akalekale. Mu 1910, dokotala Marc Armand Ruffer adapeza mazira ouma a nyongolotsi za likodzo mu impso za mitembo youmika ya ku Egypt, ya anthu amene adakhalako zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Nyongolotsi yeniyeniyo idaoneka koyamba mu 1851, pamene dokotala wachinyamata wa ku Germany, Theodor Bilharz, ankayeza mitembo pachipatala cha Kasr el-Aini mumzinda wa Cairo. Bilharz adamwalira mu 1862 asanadziwe kuti kachilomboko kamalowa bwanji mwa munthu. Anthu ambiri ophunzira ankaganiza kuti kamamwedwa pamodzi ndi madzi. Padatenga zaka zoposa 60 kuti choona chidziwike: mu 1913 Keinosuke Miyairi ndi mnzake Suzuki a ku Japan adapeza kuti mtundu wa likodzo wa kwawo umakulira mu nkhono, ndipo mu 1915 Robert Leiper adatsimikiza zomwezo pa mitundu iwiri ya mu Africa pamene ankagwira ntchito ku Egypt.

Mitundu iwiriyo ndi imene ikuvutitsa anthu m'Malawi. Wina ndi Schistosoma haematobium, umene umakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndipo ndiwo umakodzetsa magazi. Winawo ndi Schistosoma mansoni, umene umakhala m'mitsempha ya m'matumbo. Wogwira ntchito mu labotale amawasiyanitsa pongoyang'ana dzira pa maikulosikopu: la mtundu woyamba lili ndi kaminga kumapeto, la mtundu wachiwiri kaminga kake kali m'mbali.

Ulendo umayambira pa dzira limenelo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amene anali mumkodzo amaswa, poti chimawadzutsa ndi madzi opanda mchere ndi kuwala kwa dzuwa. M'dzira lililonse mumatuluka kamphutsi kosaoneka ndi maso, kamene akatswiri amakatcha miracidium. Kamasambira ndi titsitsi ta pathupi pake, sikadya kanthu, ndipo kali ndi maola ochepa chabe kuti kapeze nkhono. Si nkhono iliyonse. Kamphutsi ka likodzo la mumkodzo kamafuna nkhono ya mtundu wa Bulinus, ka likodzo la m'matumbo kamafuna ya mtundu wa Biomphalaria. Kakaisowa, kamafa, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Kakaipeza, kamaboola mnofu wa nkhonoyo ndi kuyamba kuchulukana mkati mwake popanda chachimuna kapena chachikazi. Pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, malingana ndi kutentha kwa madzi, kamphutsi kamodzi kaja kamakhala kabala timphutsi tina masauzande, ta mchira wa mphanda, totchedwa cercariae. Pano mpofunika kuima pang'ono, chifukwa kawirikawiri nkhono imatchulidwa ngati mdani. Nayonso ndi yodwala. Tizilomboti timadya chakudya chake, timawononga ziwalo zake zoberekera kotero kuti imachepetsa kapena kusiyiratu kuikira mazira, ndipo nthawi zambiri imafa msanga kusiyana ndi inzake yopanda matenda. Munthu asanadwale, padadwala kale chamoyo china.

Timphutsi ta mchira tija timatuluka mu nkhono makamaka dzuwa likakwera, nthawi imene ana aweruka kusukulu ndipo akuthamangira kunyanja, amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, asodzi akukoka makoka. Timakhala ndi moyo masiku awiri kapena kupitirira pang'ono. Tikamva mafuta a pakhungu la munthu timamatirira, timatulutsa madzi osungunula khungu, ndipo pa mphindi zochepa timakhala talowa, mchira titausiya kunja. Sipafunika bala. Munthu amangomva kuyabwa pang'ono, mwinanso osamva kanthu. Kuchokera apo timatengedwa ndi magazi, timadutsa m'mapapo, timakafika m'mitsempha ya m'chiwindi, kumene timakula mpaka kusanduka nyongolotsi zotalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Yaimuna ndi yonenepa ndipo ili ndi ngalande m'mimba mwake. Yaikazi, imene ndi yowonda ndi yotalikirapo, imagona m'ngalandemo. Zikakumbatirana choncho zimasamukira limodzi kumitsempha ya chikhodzodzo kapena ya matumbo, ndipo zimakhala kumeneko zaka zitatu mpaka zisanu, nthawi zina kupitirira apo kwambiri, yaikaziyo ikuikira mazira mazanamazana tsiku ndi tsiku.

Funso limene wophunzira aliyense wa sayansi ya zamoyo ayenera kufunsa ndi ili: chamoyo chachikulu chotere chimakhala bwanji m'magazi zaka zonsezo asilikali a m'thupi osachipha? Magazi ndi malo amene chitetezo cha m'thupi chimalondera usana ndi usiku. Yankho lake lidayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960 pa kafukufuku wa Ronald Smithers ndi Roland Terry ku London. Nyongolotsiyi imatola tinthu ta m'magazi a munthuyo ndi kutimata pakhungu lake, kotero kuti asilikali a m'thupi akaifika amaiona ngati mbali ya thupi lawo lomwe. Khungu lakelo limasinthikanso nthawi ndi nthawi. Motero nyongolotsi yokhwima imakhala mwamtendere, ndipo payokha siwononga zambiri.

Zowononga ndi mazira. Kapena kunena molondola, ndi nkhondo imene thupi limamenya ndi mazirawo.

Dzira liyenera kuboola mtsempha, kudutsa mnofu wa chikhodzodzo, ndi kugwera mumkodzo kuti lituluke kunja. Magazi amene mwana amaona kumapeto kwa mkodzo amachokera m'timabala timene mazira asiya podutsa. Koma mazira ambiri safika kunjako. Amakodwa mumnofu. Mosiyana ndi makolo ake, dzira silidzibisa, ndiye asilikali a m'thupi amalizinga mbali zonse ndi kupanga kachotupa kolitsekera. Cholinga chake ndi chabwino, poti dziralo limatulutsa poizoni amene akadawononga mnofu wozungulira. Vuto ndi kuchuluka kwake. Kachotupa kalikonse kakapola kamasiya chipsera, ndipo mazira akamakodwa tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi, zipserazo zimaunjikana. Chikhodzodzo chimauma ndi kuleka kutambasuka. Timachubu totsitsa mkodzo kuchokera ku impso timapanikizika, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso zimatupa ndipo zimatha kufa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Mnofu umene wakhala ukutupa zaka zambiri umathanso kusanduka khansa, ndipo mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la International Agency for Research on Cancer lidaika nyongolotsi ya likodzo la mumkodzo pa mndandanda wa zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Pa likodzo la m'matumbo, mazira ena amakokoloka ndi magazi kupita kuchiwindi. Zipsera zikachuluka kumeneko magazi amavutika kudutsa, kapamba amakula, mimba imadzaza madzi, ndipo mitsempha ya kummero imatha kuphulika munthu n'kusanza magazi. Munthu wotere akhoza kufa ali ndi zaka 35 ndi matenda amene adawatenga akusewera padambo ali mwana.

Pali zowawa zina zimene sizioneka msanga. Mwana wotaya magazi pang'onopang'ono, amenenso thupi lake likulimbana ndi zotupa zosatha, amakhala ndi magazi ochepa, amapinimbira, amawodzera m'kalasi. Mphunzitsi akhoza kumuyesa waulesi. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti nyongolotsizi zimachuluka kwambiri mwa ana a zaka zapakati pa 10 ndi 15, kenako zimayamba kuchepa, mwina chifukwa munthu akamakula sasewera m'madzi monga kale, komanso chifukwa thupi limaphunzira pang'onopang'ono kupha timphutsi tatsopano tisanakhwime. Chitetezo chimenechi chimabwera mochedwa, zipsera zitayamba kale.

Amayi ndi atsikana ali ndi mtolo wawo umene kwa zaka zambiri sunkatchulidwa. Mitsempha ya chikhodzodzo ndi yolumikizana ndi ya ziwalo zoberekera, choncho mazira amakodwanso m'njira yoberekera, pakhomo la chiberekero ndi m'machubu a mazira. Zotsatira zake ndi zilonda, ukazi wachilendo, kumva kuwawa pogonana, kutaya magazi, ndipo kwa ena kusabereka. Akatswiri amayerekeza kuti amayi ndi atsikana okwana 56 miliyoni mu Africa ali ndi vutoli, ndipo kafukufuku wa ku Zimbabwe ndi ku Tanzania adapeza kuti amayi otere amapezeka ndi HIV kwambiri kusiyana ndi anzawo, popeza zilondazo zimatsegulira kachilomboko khomo. Chopweteka kwambiri ndi chakuti zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Mtsikana wa zaka 13 amene sanagonepo ndi mwamuna akhoza kupatsidwa mankhwala olakwika, n'kubwerera kunyumba akuganiziridwa za chiwerewere, pomwe chimene adachita ndi kukatsuka mbale kunyanja. Namwino aliyense wa m'madera a m'mbali mwa nyanja ayenera kuphunzitsidwa kufunsa mtsikana wotere kumene amasamba ndi kuchapa asanamufunse china chilichonse. Abambo nawonso sapulumuka: dokotala wa ku Malawi, Sekeleghe Kayuni, adapeza mazira a likodzo mu umuna wa asodzi a ku Mangochi.

Tsopano nkhani ibwerere kunyanja, kumene kudachitika chinthu chodabwitsa.

Likodzo lidalipo m'Malawi kuyambira kale, m'madambo, m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono, m'minda ya mpunga, ku Nyanja ya Chilwa ndi ku Chigwa cha Shire. Nkhono yodziwika bwino, Bulinus globosus, imakonda madzi odekha a udzu ndi bango. Magombe a mchenga a Nyanja ya Malawi, kumene mafunde amawomba ndipo kulibe udzu, ankaonedwa ngati malo opanda chiopsezo, ndipo alendo ankauzidwa choncho. Mu 1992, anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps adadwala kwambiri atasambira ku Cape Maclear, kumene kuli mudzi wa Chembe. Mazira a likodzo adali atafika muubongo ndi mumsana. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America lidatumiza akatswiri motsogozedwa ndi Martin Cetron, amene adayeza magazi a alendo okhala m'Malawi oposa 900 ndi kupeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi zizindikiro zoti adalowedwapo ndi nyongolotsizi. Kusambira ku Cape Maclear ndiko kudaoneka kuti kukuika anthu pachiopsezo chachikulu. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1996. Ndi zomvetsa chisoni kuti dziko lidatchera khutu alendo atadwala, pomwe ana a ku Chembe ankasamba m'madzi omwewo tsiku lililonse.

Chidasintha ndi chiyani pagombe la mchenga? Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University, amene wakhala akufufuza nsomba za m'nyanjayi kwa zaka zambiri, pamodzi ndi Henry Madsen, katswiri wa nkhono wa ku Denmark, adapeza zinthu ziwiri. Choyamba, nkhono ina imene imapezeka m'Nyanja ya Malawi mokha, Bulinus nyassanus, yokhala pamchenga wopanda udzu ndi kudzikwirira momwemo, idapezeka ikutulutsa timphutsi ta likodzo. Izi zidalengezedwa mu 2001. Chachiwiri, nsomba zodya nkhono zidali zitachepa kwambiri m'madzi osaya poyerekeza ndi mmene zidalili cha m'ma 1980, ndipo nkhonozo zidali zitachuluka ndi kusendera kufupi ndi gombe, kumene anthu amaponda.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za m'banja limodzi ndi chambo ndi mbuna, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kadyedwe kake. Ina mwa iyo, monga Trematocranus placodon, ili ndi mano ena kukhosi, aphwatalala ndi olimba, amene amapera chigoba cha nkhono ngati mphero. Nsomba yotere ikakhala yochuluka, nkhono sizipeza mpata wochulukana. Koma ana ake amakulira m'madzi osaya, momwe makoka amakokedwa, ndipo makoka a maso aang'ono, makamaka amene asokereredwa neti yotetezera udzudzu, sasiya kanthu. Nyanja ya ku Cape Maclear ili m'dera la Lake Malawi National Park, limene lidakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidalizindikira mu 1984, ndipo lamulo limaletsa kuwedza m'madzi a pafupi ndi gombe la malo otetezedwawo. Komabe anthu a m'midzi ya m'deralo adachuluka, ndipo njala siwerenga malire.

Akatswiri amatchulanso zinthu zina zimene zidathandizira: kuchuluka kwa anthu okodzera m'madzi, dothi ndi manyowa okokoloka kuchokera kumtunda, ndi kusintha kwa mitundu ya nkhono pansi pa nyanja. Koma zoti kuchotsa chamoyo chodya nkhono kumatsegulira likodzo njira zidaonekanso kwina. Ku Senegal, damu la Diama litamalizidwa mu 1986, madzi a mchere adaleka kukwera mumtsinje, ndipo mtundu wa nkhanu zazitali za m'mitsinje, zotchedwa Macrobrachium vollenhovenii, zimene zimadya nkhono ndipo zimafuna madzi a mchere pang'ono kuti ziswane, zidatsekeredwa njira. Pofika 1988 likodzo la m'matumbo lidabuka m'tauni ya Richard Toll, kumene kale silinkadziwika, ndipo lidafala koopsa. Mu 2015 Susanne Sokolow ndi anzake adalengeza kuti atabwezeretsa nkhanuzo pamalo amodzi otungirapo madzi, nkhono zodwala zidachepa ndipo anthu a m'mudzimo adapezeka ndi mazira ochepa kusiyana ndi a m'mudzi umene adangolandira mankhwala.

Msodzi wa ku Chembe si woipa mtima. Akamakoka khoka la maso aang'ono akufuna ndiwo ndi fizi ya mwana yemweyo amene akukodza magazi. Koma palibe amene adamuuzapo kuti tinsomba tina timene akuyanika pathandala tikadakula tikadateteza mwana wakeyo. Uthenga umenewo ndi woyenera kumveka m'makomiti a m'madoko mofanana ndi uthenga wa nyengo yotseka nyanja.

Mankhwala alipo, ndipo ndi abwino. Kale odwala ankabayidwa jakisoni wa mankhwala oopsa a antimony, ndipo ku Egypt, kumene anthu mamiliyoni adabayidwa kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 ndi singano zosaphikidwa bwino, ntchitoyo idafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis C mwa anthu ochuluka zedi. Praziquantel, amene adapangidwa ndi makampani a Bayer ndi Merck a ku Germany m'zaka za m'ma 1970, adasintha zinthu. Amamwedwa kamodzi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Amaumitsa nyongolotsi ndi kung'amba khungu lake, kotero kuti asilikali a m'thupi amaizindikira tsopano ndi kuimaliza. Kuyambira 2007 kampani ya Merck yakhala ikupereka mapiritsiwa kwaulere kudzera ku World Health Organization, ndipo idalonjeza kupereka mpaka mapiritsi 250 miliyoni pachaka. M'masukulu a m'Malawi, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi amaimika mwana pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe chiwerengero cha mapiritsi ake. Mwanayo ayenera kukhala atadya, chifukwa mankhwalawa pamimba yanjala amachititsa chizungulire ndi nseru, ndipo mwana mmodzi akasanza pamzere, mawa lake makolo ambiri amaletsa ana awo kumwa. Phala la m'mawa pa tsiku logawa mankhwala ndi mbali ya mankhwalawo. Kwa ana aang'ono osayamba sukulu, amene sangameze piritsi lalikulu lowawa, kwapangidwa mtundu wosungunuka m'kamwa wotchedwa arpraziquantel, umene bungwe loona za mankhwala la ku Europe lidauvomereza mu Disembala 2023.

Koma praziquantel ali ndi malire. Sapha nyongolotsi zimene zisanakhwime. Sachotsa zipsera zakale. Ndipo sateteza mawa: mwana akamwa Lolemba n'kukasamba Lachiwiri pamalo omwe aja, ulendo wayambanso. N'chifukwa chake World Health Organization idawerengera kuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunikabe mankhwalawa, ambiri mwa iwo mu Africa, ngakhale mapiritsi akhala akugawidwa kwa zaka zambiri. Dera la Yamanashi ku Japan, limene lidalengeza mu 1996 kuti likodzo latha, lidachita zambiri zisanafike nthawi ya praziquantel: lidamanga ngalande zothirira ndi simenti, lidapha nkhono, lidasiya kulima ndi ng'ombe, ndipo minda yambiri ya mpunga idasanduka ya zipatso.

Pagombe la Nyanja ya Malawi zofunika ndi zodziwika. Madzi otunga m'nyanja akakhala m'chidebe masiku oposa awiri, timphutsi timafa ndipo munthu akhoza kusamba. Mjigo kapena mpope wokhala ndi malo ochapira umachotsa amayi ndi ana aang'ono m'madzi. Zimbudzi ziyenera kukhala padoko penipeni, osati kumudzi kokha, chifukwa msodzi amene watha usiku wonse pa bwato sangayende mtunda kuti akataye madzi. Ndipo ogwira ntchito za usodzi ayenera kukhala nawo pa zokambirana za likodzo pamodzi ndi a zaumoyo.

Nyanjayo ikusinthabe. Mu 2017, akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine motsogozedwa ndi Russell Stothard, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, adapeza nkhono za Biomphalaria pfeifferi m'gombe la ku Mangochi, kumene kale sizinkadziwika, ndipo atayeza ana asukulu a m'deralo adapeza likodzo la m'matumbo. Kafukufuku wotsatira ku Mangochi ndi ku Nsanje wapezanso mazira a nyongolotsi zosakanizika, zobadwa pamene likodzo la anthu lakwerana ndi Schistosoma mattheei, mtundu umene umakhala mu ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Ziweto zimenezi zimamwa ndi kudzithandiza pamadoko omwe anthu amasamba, ndipo mapiritsi ogawidwa kusukulu safika kukhola. Ofufuza a kumeneko adayamba kuyenda ndi mabotolo a mkodzo wa ana, zitini za ndowe za ng'ombe ndi masefa okolera nkhono, ndipo pa gulu lawo pamafunikanso alangizi a ziweto.